Tala, konkire kapena miyala: msewu wosawononga chilengedwe ndi uti? Mafunso ndi mayankho

Tikamakamba za misewu ambirife timathamangira ku maenje ndi ndalama, kuti palowa zingati nanga bwanji wayamba kale kugumuka. Zimenezo nzofunika ndithu, koma pali funso lina lomwe mainjiniya ndi anthu a zachilengedwe akhala akukanganirana kwa zaka zambiri: pa zonse zomwe timayala pamsewu, kaya tala, konkire, miyala yosema kapena giravulo, ndi chiti chomwe chimasiya chiwonongeko chochepa tikawerengera kuyambira tsiku lokumba mwala woyamba mpaka tsiku logumula msewuwo? Ndineneretu pomwe ndaima. Ine sindikhulupirira zoti pali chinthu chimodzi chomwe chimapambana paliponse, koma ndimakhulupirira kuti msewu wokhalitsa, wosalala, wokonzedwa pa nthawi yake umaposa kutali msewu wa zipangizo zotamandika koma wotha msanga.

Kuunika moyo wonse wa msewu ndiye kutani?

Ndi kuwerengera zonse zomwe msewu umadya ndi zonse zomwe umatulutsa, kuyambira pachiyambi mpaka kumapeto. Akatswiri amati life cycle assessment, mwachidule LCA, ndipo njira yake inalembedwa m'miyezo ya padziko lonse yotchedwa ISO 14040 ndi ISO 14044. Umayamba ndi ku kwale komwe amaphwanya miyala, ku fakitale yoyenga mafuta komwe kumachokera phula, ku ng'anjo yowotchera simenti, kenako mathiraki onyamula zonsezo, makina omanga, zaka zonse zomwe magalimoto akuyendapo, kukonza ndi kuyalanso pamwamba, mpaka kudzaugumula n'kuona kuti zogumukazo zapita kuti. Pa gawo lililonse amalemba kuti palowa dizilo wochuluka bwanji, magetsi angati, madzi angati, ndipo patuluka mpweya wa kaboni wochuluka bwanji, fumbi, utsi ndi zonyansa zolowa m'madzi.

Chifukwa chochitira zonsezi nchoti ukangoyang'ana gawo limodzi umapusitsika. Chinthu chikhoza kuoneka chaukhondo pa tsiku lomanga koma n'kumafuna kukonzedwa zaka zisanu zilizonse, china n'kuoneka choipa pa tsiku lomanga koma n'kukhala zaka 40 osasuntha.

Tala ndi konkire amapangidwa ndi chani kwenikweni?

Onse awiri mbali yaikulu ndi miyala ndi mchenga, chomwe chimasiyana ndi chomatira. Mu tala, pafupifupi 95 peresenti ya kulemera kwake ndi miyala yophwanya ndi mchenga, phula lenileni lakudalo ndi 5 peresenti basi, ndipo phulalo ndi zotsalira zolemera zomwe zimakhala pansi akamayenga mafuta okumba pansi. Kuti zisakanikirane bwino amayenera kuumitsa miyalayo ndi kuitenthetsa mpaka madigiri 150 kapena 180, nde apa ndi pomwe mafuta ambiri amapsera. Mu konkire chomatira ndi simenti ndi madzi. Simenti amachokera ku miyala ya laimu yosakaniza ndi dongo, yomwe imawotchedwa mu ng'anjo pa madigiri pafupifupi 1,450.

Kuti muone kukula kwake, tengani njira imodzi ya msewu, kilomita imodzi m'litali, mamita 3.5 m'lifupi. Mukayala tala wokhuthala masentimita 5, ndi matani pafupifupi 420, omwe mwa iwo phula ndi matani 21. Thiraki yonyamula matani 30 iyenda maulendo 14, ndipo apa sitinawerengere miyala yapansi yomwe imanyamula talayo, yomwe payokha imatha kupitirira matani 1,000. Nchifukwa chake mtunda wochokera ku kwale si nkhani yaing'ono ayi, mwala ndi wotchipa koma ndi wolemera.

Ndiye woipa kwambiri ndi konkire eti, popeza timamva kuti simenti amawononga mpweya?

Pa tsiku lomanga, kawirikawiri inde. Mafakitale a simenti amatulutsa pafupifupi 7 kapena 8 peresenti ya mpweya wonse wa kaboni womwe anthu timatulutsa padziko lapansi, ndipo chovuta nchoti mbali yoposa theka ya mpweyawo sichokera ku malasha owotchera ayi, imachokera mu mwala wa laimu weniweniwo ukamasweka ndi moto. Ndiye olo mutapeza moto waukhondo bwanji, mwalawo utulutsabe mpweya. Pa kilomita yathu ija, konkire wokhuthala masentimita 20 ndi makiyubiki mita 700, ndipo ngati pa kiyubiki mita iliyonse palowa makilogalamu 350 a simenti wamba, ndiye kuti palowa matani 245 a simenti, omwe kupanga kwake kumatulutsa matani pafupifupi 200 a mpweya wa kaboni.

Koma nkhani sithera pamenepo. Konkire womangidwa bwino amakonzedwa kuti akhale zaka 30 mpaka 40, pomwe tala pamwamba pake pamafunika kupala ndi kuyalanso pakapita zaka 10 mpaka 15 kapena kuposerapo pang'ono, kutengera katundu wodutsapo ndi nyengo. Nde mukaphatikiza maulendo awiri kapena atatu oyalanso, aliyense ndi makina ake, mathiraki ake ndi magalimoto oima pamzere injini zikulira podikira kuti adutse pamalo antchito, kusiyana kuja kumachepa, nthawi zina kumatembenuka kumene. Komanso konkire amayamwanso pang'onopang'ono gawo lina la mpweya uja m'zaka zake, makamaka akadzaphwanyidwa n'kusiyidwa pamphepo, ngakhale kuti sabweza wonse ndi pang'ono pomwe.

Bwanji malipoti awiri a akatswiri amatha kupereka mayankho otsutsana?

Apa ndi pomwe pagona nkhani yonse, ndipo ndikupemphani muwerenge modekha. Choyamba ndi muyezo womwe akufanizira. Kufanizira tani imodzi ya tala ndi tani imodzi ya konkire kulibe phindu, chifukwa palibe amene amayenda pa tani. Chofanizira choyenera ndi ntchito yomwe msewu ukugwira, mwachitsanzo kilomita imodzi ya njira imodzi, yonyamula mathiraki akutiakuti, kwa zaka zakutizakuti, pa nyengo yakutiyakuti ndi dothi lakutilakuti.

Chachiwiri ndi zaka. Wina akawerengera zaka 20 zokha, tala amapambana mosavuta chifukwa konkire sanabwezebe ngongole yake ya pa tsiku lomanga. Wina akawerengera zaka 50, zinthu zimasintha. Chachitatu ndi malire, kuti ayambira pati ndipo alekezera pati, ena amalekezera pageti ya fakitale, ena pa tsiku lotsegulira msewu, ena amapitirira mpaka mafuta a magalimoto. Palinso mkangano wina wakalekale wa mphamvu yomwe ili m'kati mwa phula. Pajatu phula ndi mafuta, likhoza kuyaka, nde ena amaiwerengera mphamvuyo ngati yomwe msewu wadya, zomwe zimapangitsa tala kuoneka wadyera kwambiri, pomwe ena amati ayi phulalo silinawotchedwe, langogona pamsewu ndipo lidzagwiranso ntchito. Onse ali ndi mfundo, chofunika nchoti lipoti linene poyera kuti latsata mbali iti.

Ndiye pali funso la amene walipira kafukufuku. Mwachitsanzo nthambi yofufuza za konkire yotchedwa Concrete Sustainability Hub ya ku yunivesite ya MIT ku America, yomwe yachita kafukufuku wambiri pa nkhaniyi, ndalama zake zimachokera ku mabungwe a makampani a simenti ndi konkire, ndipo iwo sabisa. A tala nawonso ali ndi mabungwe awo omwe amalipira kafukufuku. Sizikutanthauza kuti akunama, koma ndi bwino kudziwa musanayambe kugawana zotsatira zake ngati uthenga wosatsutsika.

Msewu ukatha kumangidwa umangokhala phee, ndiye ungawonongenso chani?

Msewu sutulutsa utsi, koma umachititsa kuti magalimoto atulutse wambiri kapena wochepa. Msewu wa mabampu ndi zigamba umadya mafuta, chifukwa mphamvu ina ya injini imathera mu kudumphadumpha kwa matayala ndi masipuling'i mmalo mokankha galimoto kutsogolo. Kusalala kwa msewu amakuyeza ndi muyezo wotchedwa IRI, womwe unakhazikitsidwa ndi World Bank m'zaka za m'ma 1980 kutsatira kuyesa komwe kunachitika ku Brazil mu 1982, ndipo umawerengedwa m'mamita pa kilomita. Kukhakhala kwa pamwamba nakonso kumawonjezera, chimodzimodzi kufewa kwa msewu pansi pa thiraki yolemera, ngakhale kuti pa kufewaku akatswiri sanagwirizanebe kuti nkwakukulu bwanji.

Tiyeni tingoyerekeza ndi masamu osavuta. Msewu ukudutsa magalimoto 20,000 patsiku, iliyonse ikumwa lita imodzi pa makilomita 10. Pa kilomita imodzi ndi malita 2,000 patsiku. Tiyerekeze kuti kuipa kwa msewu kwawonjezera 2 peresenti yokha, amenewo ndi malita 40 patsiku, malita 14,600 pachaka, malita 438,000 pa zaka 30. Lita imodzi ya petulo imatulutsa pafupifupi makilogalamu 2.3 a mpweya wa kaboni, ya dizilo pafupifupi 2.7, nde tikukamba za matani opitirira 1,000 pa kilomita imodzi yokha. Fanizirani ndi matani 200 aja a mpweya wochokera ku simenti wa njira imodzi. Pa msewu wotanganidwa chonchi, kusunga msewu wosalala kumaposa mkangano wonse wa tala ndi konkire.

Nanga pa msewu wodutsa magalimoto ochepa?

Apo masamu amatembenuka. Magalimoto akakhala 200 patsiku mmalo mwa 20,000, matani 1,000 aja amatsika kufika pa 10 kapena 11, ndiye chomwe chimalemera ndi zipangizo ndi mtunda wozinyamula. Kumanga msewu wokhuthala ngati wa mumzinda waukulu pamalo oterowo ndi kuwononga chuma komanso chilengedwe nthawi imodzi.

Mathiraki olemera akukhudzana bwanji ndi nkhani ya chilengedwe?

Kwambiri, mwinanso kuposa china chilichonse. Pakati pa 1958 ndi 1960 ku Ottawa m'chigawo cha Illinois ku America anamanga misewu yoyesera n'kumayendetsapo mathiraki usana ndi usiku kuti aone kuti imatha bwanji, ntchito yomwe imadziwika kuti AASHO Road Test. Chomwe anapeza ndi chomwe mainjiniya amagwiritsabe ntchito mpaka lero: kuwonongeka kwa msewu sikukwera mofanana ndi kulemera kwa ekiselo, chitsulo cholumikiza matayala a mbali ziwiri chija, kumakwera mothamanga kwambiri. Ekiselo ikalemera kawiri, msewu umawonongeka pafupifupi ka 16. Kupyola muyezo ndi 10 peresenti yokha kumawonjezera chiwonongeko ndi pafupifupi 46 peresenti, kupyola ndi 20 peresenti kumachiwirikiza kawiri.

Tanthauzo lake nlakuti msewu womwe lipoti linati ukhala zaka 20 ukhoza kutha pa zaka 10 ngati mathiraki akupyoza katundu, ndipo zikatero masamu onse okongola a mu lipoti lija agwa, mpweya wa pachaka wawirikiza. Ine ndimaona kuti sikelo ya pamsewu yogwira ntchito mwachilungamo imateteza chilengedwe kuposa zipangizo zambiri zatsopano zomwe zimatchuka pa intaneti.

Amati madzi ndiye mdani wamkulu wa msewu, zoona?

Zoona zenizeni. Mukadzapeza mpata imani pambali pa msewu wa tala mvula itangokata, pamalo pomwe pali mng'alu waung'ono. Thiraki ikamadutsa muona timadzi tamatope tikutumphuka mu mng'alumo, kenako tikubwereranso. Matope amenewo ndi dothi losalala la pansi pa msewu lomwe likupopedwa kutuluka, ndipo thiraki iliyonse ikuchotsako pang'ono. Pansi pakakhala mphako tala amayamba kuwerama, ming'alu imachuluka n'kulumikizana timabokositimabokosi, chidutswa chimodzi chimazuka, dzenje layamba. Kuchokera pa mng'alu wokwana chala kufika pa dzenje lothyola sipuling'i sipatenga nthawi nyengo ya mvula.

Mankhwala ake ndi otchipa modabwitsa: kumata ming'alu ndi phula isanakule, kuthira kaphula kopyapyala ndi timiyala pamwamba msewu ukadali wabwino, kuchotsa zinyalala ndi udzu mu ngalande ndi m'makalavati kuti madzi azichoka msanga. Ntchito zoterezi zimadya zipangizo zochepa kwambiri poyerekeza ndi kukumba msewu wonse n'kumanganso. Vuto nlakuti sizioneka, palibe amene amadula riboni chifukwa ngalande yayeretsedwa, nde bajeti ikathina ndi zomwe zimayamba kudulidwa. Malipoti ambiri a LCA amangoganiza kuti kukonza kudzachitika pa nthawi yake, ndipo ngati sizidzatero ndiye kuti lipotilo likukamba za msewu wina, osati womwe ulipo.

Tala wakale angagwirenso ntchito?

Eya, ndipo iyi ndi mphamvu yaikulu ya tala. Pali makina okhala ndi chigudumu cha mano achitsulo omwe amapala pamwamba pa msewu n'kulavulira zopalazo mu thiraki yomwe ikuyenda patsogolo pake. Zopalazo zili ndi miyala yabwino komanso phula lakale, nde akazitenthetsanso n'kusakaniza ndi zatsopano amapulumutsa zonse ziwiri. Ku America tala watsopano amakhala ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu la zakale, ku Japan amafika pafupifupi theka. Palinso njira yosanyamula n'komwe, makina amagaya msewu pomwepo, kusakaniza ndi phula la thovu kapena simenti pang'ono, n'kutsenderanso pomwepo osatenthetsa, zomwe zimachotsa maulendo ambirimbiri a mathiraki.

Chenjezo nlakuti phula lakale limakhala louma ndi lophweka kusweka chifukwa cha dzuwa ndi mphepo ya zaka zambiri. Ukachulutsa zakale osafewetsa ndi phula lofewa kapena mafuta obwezeretsa, msewu umang'aluka msanga, ndipo phindu lonse lija lapita. Konkire naye amaphwanyidwa n'kugwiranso ntchito, koma nthawi zambiri amakakhala miyala yapansi pa msewu wina, simenti wake sabwereranso kukhala chomatira.

Pali njira zochepetsera chiwonongeko pakupanga kwenikweniko?

Zilipo zingapo ndipo zina sizachilendo n'komwe. Kumbali ya tala pali wotchedwa warm mix, yemwe amapangidwa pa kutentha kotsikirapo ndi madigiri 20 mpaka 40, mafuta amapsa ochepa ndipo antchito oyala sapuma utsi wambiri. Chinanso chosavuta ndi kufolera milu ya miyala ndi mchenga kuti isanyowe, chifukwa mafuta ambiri pa fakitale ya tala amathera pa kuumitsa madzi omwe ali m'miyalamo.

Kumbali ya konkire, njira yaikulu ndi kuchepetsa gawo lowotchedwa mu ng'anjo lija n'kuikamo zina, monga phulusa la m'mafakitale a magetsi a malasha kapena zotsalira za m'ng'anjo zosungunulira chitsulo. Koma zimenezi sizipezeka paliponse, ndipo pomwe maiko akutseka mafakitale a malasha phulusalo likuchepa. Nchifukwa chake anthu ambiri ali ndi chidwi ndi simenti wotchedwa LC3, yemwe anakonzedwa ndi akatswiri a ku yunivesite ya EPFL ku Switzerland mogwirizana ndi anzawo a ku Cuba ndi India. Amasakaniza dongo lowotcha pa madigiri pafupifupi 800 ndi laimu wogaya wosawotcha, ndipo amatha kuchepetsa mpweya wa kaboni mpaka 40 peresenti. Dongo limapezeka m'maiko ambiri, nde ameneyu ine ndimamuona kuti ali ndi tsogolo.

Nanga misewu ya mapulasitiki yomwe imatchuka ija?

Ku India njira imeneyi inatchuka ndi Rajagopalan Vasudevan, mphunzitsi wa sayansi ku Madurai, ndipo mu 2015 boma la India linalamula kuti misewu yomangidwa pafupi ndi mizinda ikuluikulu izigwiritsa ntchito zinyalala za pulasitiki. Amaduladula mapulasitiki n'kuwathira pa miyala yotentha kuti asungunuke n'kuikuta, kenako amathira phula. Koma tisamve ngati msewu wonse ndi pulasitiki ayi, amalowa pafupifupi 6 mpaka 8 peresenti ya kulemera kwa phula, ndiye pa matani 21 a phula aja ndi pulasitiki wosakwana matani awiri pa matani 420 a tala. Zimathandiza, koma sizingathetse vuto la zinyalala. Mafunso omwe ndimafuna ayankhidwe ndi awa: matayala akamapala msewuwo tizidutswa ta pulasitiki timapita kuti mvula ikagwa, antchito akupuma chani pulasitiki akamasungunuka, nanga talayo adzathekanso kumupala n'kumugwiritsanso ntchito pakatha zaka 15? Ngati pulasitiki angalepheretse kubwezeretsa tala ndiye kuti tataya chachikulu pofuna chaching'ono.

Matayala akale ogaya ali ndi mbiri yaitali kuposa pulasitiki. Anayamba kuwasakaniza ndi phula ku Phoenix m'chigawo cha Arizona ku America m'zaka za m'ma 1960, ndipo amathandiza kuchepetsa ming'alu ndi phokoso, ngakhale amafuna kutentha kokwererapo pomusakaniza.

Misewu yopanga magetsi a dzuwa ndi yopaka utoto woyera bwanji?

Ya magetsi a dzuwa ndi chikomekome cha mkuyu. Mu 2016 ku Tourouvre m'chigawo cha Normandy ku France anatsegula kilomita imodzi ya msewu woyala mapanelo a sola, koma magetsi anatuluka ochepa kuposa omwe amayembekezera, phokoso linali lalikulu ndipo mapanelo anayamba kuwonongeka m'zaka zochepa. Panelo yogona pansi, yopondedwa ndi matayala, yokutidwa ndi fumbi ndi masamba singapose yomwe ili padenga.

Za utoto zili ndi nzeru pang'ono. Tala watsopano ndi wakuda bii, amabweza kuwala kwa dzuwa kosakwana gawo limodzi mwa magawo 10, konkire watsopano amabweza pafupifupi gawo limodzi mwa atatu, ngakhale kuti pakapita zaka tala amatuwa konkire n'kuda, nde amayandikirana. Mzinda wa Phoenix unayamba kupaka misewu ina utoto wotuwa mu 2020, ndipo ofufuza a ku Arizona State University anapeza kuti pamwamba pa msewu pamazizirako ndithu, koma munthu woyenda pamenepo masana amamva kutentha kwambiri chifukwa kuwala kobwerera kumamuwomba. Apa muona kuti chinthu chimodzi chikhoza kuthandiza mbali ina n'kupweteka ina.

Msewu wa giravulo si ndiye wabwino, popeza ulibe phula kapena simenti?

Pa tsiku lomanga ndi wopepuka kwambiri, koma giravulo sakhalitsa pamsewu. Matayala amamuulutsa ngati fumbi, mvula imamukokolola, nde pakapita zaka zochepa pamafunika kukumbanso wina, ndipo maenje okumbamo amanka natalikira chifukwa apafupi atha, ambiri amasiyidwa osakwirira. Onjezani giredala yomwe iyenera kumadutsa pafupipafupi, magalimoto omwa mafuta ambiri ndi kuwonongeka msanga, ndi fumbi lomwe anthu okhala m'mbali mwa msewu amapuma tsiku ndi tsiku. Magalimoto akafika mazana angapo patsiku, kumata pamwamba ndi kaphula kopyapyala nthawi zambiri kumakhala kwanzeru. Chitsanzo ndi Otta seal, njira yomwe inayambira ku Norway m'zaka za m'ma 1960 n'kufalikira kumaiko ngati Botswana ndi Kenya, yomwe imagwiritsa ntchito phula lofewa ndi giravulo wopezeka pafupi mmalo mwa miyala yophwanya yodula.

Miyala yosema ndi mabuloko oluka nazo nzabwino m'misewu ya m'matauni yoyenda pang'onopang'ono. Ku Ethiopia matauni ambiri anayala miyala yosema pamanja ndipo ntchitoyi inalemba anthu ochuluka. Ubwino wake wina ngwakuti mukafuna kukonza paipi pansi mumangozula, kukonza, n'kubwezera miyala yomweyo.

Kodi zonse ndi mpweya wa kaboni basi?

Ayi, ndipo zimandikhudza kuti malipoti ambiri amangotulutsa nambala imodzi yomweyo. Bungwe la United Nations loona za chilengedwe la UNEP linanena mu 2022 kuti dziko lapansi limagwiritsa ntchito matani pafupifupi 50 biliyoni a mchenga ndi miyala pachaka, ndipo mchenga wokumba mumtsinje umagumula magombe ndi kuwononga malo oswanirana nsomba. Pali fumbi la ku kwale lomwe limawononga mapapo a antchito, pali madzi a mvula ochoka pamsewu atanyamula mafuta ndi tizidutswa ta matayala, pali phula la malasha lomwe linkagwiritsidwa ntchito m'misewu yakale m'maiko ena, lomwe lili ndi mankhwala oyambitsa khansa ndipo siliyenera kungotenthetsedwanso mwachisawawa.

Phokoso nalonso ndi nkhani. Ku Netherlands misewu ikuluikulu yambiri ili ndi tala wa timabowo yemwe amamwa madzi a mvula ndi kuchepetsa phokoso, koma sakhalitsa ngati tala wothinana, nde amayalidwanso pafupipafupi. Anasankha dala kulipira mtengo umenewo kuti anthu azigona bwino ndi kuti madalaivala aziona bwino mvula ikamagwa. LCA siingakusankhireni pa zoterezi, imangokuonetsani kuti mukusinthanitsa chani ndi chani.

Kuwerengera ndalama za moyo wonse wa msewu ndi chimodzimodzi ndi LCA?

Ndi zapachibale koma nzosiyana. Ya ndalama imaphatikiza mtengo womangira, wokonzera ndi zomwe oyenda pamsewu amataya, ndipo ndalama za kutsogolo amazichepetsa mphamvu powerengera, kotero kukonza kwa chaka cha 30 kumaoneka kotchipa lero. Mpweya sutero, tani yotuluka chaka cha 30 ndi tani ndithu. Nthawi zambiri ziwirizi zimaloza kumodzi chifukwa dizilo ndi simenti wochepa ndi ndalama zochepanso, koma osati nthawi zonse, nde ndi bwino kukhala nazo zonse patebulo.

Kontrakitala akabwera ndi pepala lonena kuti zipangizo zake nzosawononga chilengedwe, ndiyang'ane chani?

Choyamba funsani ngati ali ndi EPD, chikalata chofotokoza chiwonongeko chomwe chipangizo chimasiya pa chilengedwe, chomwe chimalembedwa motsata ISO 14025, ndipo ku Ulaya pa zomangira amatsatanso EN 15804, chomwe chimayenera kutsimikizidwa ndi munthu wapadera osati kampaniyo yokha. Mukachipeza onani malire ake, chifukwa zikalata zambiri za tala ndi konkire zimalekezera pageti ya fakitale, sizinena kuti msewu ukhala zaka zingati. Kenako funsani kuti manambala achokera ku fakitale yake yeniyeniyo kapena angotengedwa ku dziko lina komwe magetsi, malasha ndi mitunda nzosiyana. Funsani zaka zomwe awerengera, kuchuluka kwa mathiraki komwe aganizira, ndondomeko yokonzera ndi amene adzailipire, komanso ngati chinthucho chinayalidwapo kwina n'kupirira mvula ndi dzuwa kwa zaka zingapo. Pomaliza apempheni aonetse kuti yankho limasintha bwanji ngati msewu utatha zaka zisanu msanga, lipoti lochitidwa bwino limakhala nalo kale gawo limeneli.

Pali komwe zimenezi zimalowadi m'njira yomwe boma limasankhira makontrakitala, kapena zimangothera m'mabuku?

Kulipo. Ku Netherlands bungwe loyang'anira misewu ikuluikulu la Rijkswaterstaat linayamba kugwiritsa ntchito pulogalamu ya pakompyuta yotchedwa DuboCalc, yomwe imatenga zotsatira za LCA n'kuzisandutsa nambala imodzi ya ndalama yoimira chiwonongeko cha chilengedwe. Kontrakitala yemwe nambala yake ndi yotsika amaonedwa ngati mtengo wake watsikirapo pofanizira ndi anzake, nde akhoza kupata ntchito olo mtengo wake weniweni uli wokwererapo pang'ono. Zomwe walonjezazo zimalowa mu kontrakiti, ndipo akapanda kuzikwaniritsa pomanga amalipitsidwa chindapusa.